Chipsera cha pa pepala

Kodi munthu walakwa akakana kukhulupirira chinthu chimene sangathe kuchiona? Funsoli lidamveka kwambiri chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike, pamene zipani zotsutsa boma zidakayikira zipangizo za kampani ya Smartmatic zomwe bungwe la MEC lidagwiritsa ntchito polembetsa ovota. Ena adati okayikawo ndi otsalira. Ine sindikuona choncho.

Tikumbukire 2019. Ziwerengero zidafufutidwa ndi Tippex pa mapepala a zotsatira, ndipo pa 3 February 2020 khothi lidathetsa chisankho cha pulezidenti. Wina anganene kuti pepala ndilo lidatigwiritsa fuwa lamoto. Koma chidaulula zolakwikazo nchiyani? Pepala lomwelo. Tippex amasiya chipsera, ndipo chipsera amachiona ngakhale amene sadapondeko kusukulu. Nambala yosinthidwa m'kati mwa makina ilibe chipsera chotere. Woiona ndi katswiri yekha, enafe timangomva za m'maluwa.

Nchifukwa chake mu 2009 khothi loona za malamulo aakulu ku Germany lidakana makina ovotera omwe ankagwiritsidwa ntchito kumeneko. Silidapeze kuti makinawo adaba. Lidati nzika wamba iyenera kutha kutsatira yokha momwe voti yawerengedwera, popanda luso lapadera. Nalo dziko la Namibia, lomwe lidayamba kuvotera pa makina mu 2014, lidauzidwa ndi khothi lake lalikulu mu 2020 kuti makina opanda umboni wa pepala sakukwanira.

Komabe pali kukayika kwina komwe ndi ulesi wobisala. Kuno timachongabe pa pepala, ndipo mavoti amawerengedwa pamalo pomwe tavotera, oimira zipani akupenya. Amene atsala kunyumba nkumati "adaba kale" sachotsera makina kanthu, amangochepetsa mboni. Pa chisankho cha khansala, pomwe anthu ochepa chabe angatembenuze zotsatira za wodi yonse, kusowa kwakeko kumamveka. Ndipo khansalayo ndiye akakhale m'khonsolo pokambirana za msika, mjigo ndi mlatho wa kusukulu.

Ndimalemekeza wokayika uja amene amavota m'mawa, madzulo nkudzaona zotsatira zomwe zalengezedwa pamalopo, nazilemba m'kabuku kake. Manambalawo akanyamuka ulendo wa kulikulu sangawaperekeze, koma akadzalengezedwa ali nacho chofananitsira.