Kodi Mphuno Ndiyo Isankha Bwenzi la Ukwati?

Pali mau amene afala pakati pa anyamata ndi atsikana athu a mu Mzuzu muno, ndipo akatekisti ambiri akumana nawo pophunzitsa ofuna kukwatitsa. Mauwo ndi akuti chikondi chichokera m'thupi basi, kuti fungo la munthu likoka mnzake iye osadziwa, choncho palibe wopalamula akasiya mkazi wake natsata wina. Tsono ife tiyenera kufunsa bwino: kodi m'mau amenewa muli zoona zingati, ndipo bodza liyambira pati?

Tiyambe ndi nyama, pakuti mlimi aliyense wa ku Mzimba adziwa za izi. Tonde anunkha kolimba, ndipo fungo lakelo lidzutsa matupi a mbuzi zazikazi kuti zifune mwamuna. Galu wamkazi akakhala pa nyengo yake, amphongo a mudzi wonse asonkhana osaitanidwa. M'chaka cha 1959 katswiri wa ku Germany, Adolf Butenandt, adapeza mankhwala enieni amene gulugufe wamkazi wa silika atulutsa poitana wamwamuna, atagwiritsa ntchito agulugufe pafupifupi 500,000. Chaka chomwecho Peter Karlson ndi Martin Lüscher adapatsa mankhwala a mtundu uwu dzina lakuti pheromone. Gulugufe wamwamuna akamva fungolo sangakane. Alilondola, ngakhale fungolo lili pa kapepala chabe.

Nanga munthu? Nayenso mphuno yake igwira ntchito zimene iye sazindikira. Mu 1975 Aidan Macfarlane wa ku Oxford adaonetsa kuti khanda la masiku 6 litembenukira ku kansalu kochokera pa bere la mai wake koposa ka mai wina. Mu 1995 Claus Wedekind wa ku Bern, m'dziko la Switzerland, adaveka amuna 44 malaya kwa mausiku awiri opanda mafuta onunkhira, napatsa akazi 49 kuti anunkhize. Ambiri adakonda fungo la mwamuna amene chitetezo cha m'thupi mwake chisiyana ndi chao, koma amene ankamwa mapiritsi olera adakonda la wofanana nawo. Mu 2011 Noam Sobel ndi anzake a ku Israel adalengeza kuti amuna onunkhiza misozi ya akazi chilakolako chao chidatsika, ngakhale iwo sadamve fungo lililonse. Mu 2015 akatswiri omwewo adaona kuti anthu ambiri akapatsana moni wa m'manja atengera dzanja ku mphuno osazindikira.

Zonsezi nzodabwitsa ndithu, ndipo sitiyenera kuziopa. Koma onaninso mbali inayo. Pamene ena adabwereza ntchito ya Wedekind, ena adapeza zofanana, ena sadapeze kanthu. Martha McClintock adalemba mu 1971 kuti akazi ogona nyumba imodzi ayamba kusamba nthawi imodzi, mwina chifukwa cha fungo, koma ofufuza ambiri a pambuyo pake sadatsimikize zimenezi. Ndipo mu 2015 Tristram Wyatt wa ku Oxford, atapenda ntchito za zaka zambiri, adanena poyera kuti palibe pheromone ya munthu imene yadziwika motsimikizika monga ija ya gulugufe. Choncho amene agulitsa kabotolo ka mafuta, kaya pa msika kaya pa intaneti, nalonjeza kuti akazi adzakuthamangirani, asiyana pang'ono chabe ndi sing'anga wa kondaine. Onse awiri adyera pa mantha a munthu woopa kukanidwa.

Tsono tifike pa funso lenileni. Tiyerekeze kuti mawa akatswiri apeza fungo lokokadi mtima wa munthu. Kodi ufulu wathu udzatha pomwepo? Iyayi. Kukokedwa nkwina, kuvomera nkwinanso. Munthu wanjala akadutsa pamene akazinga usipa wa ku Nkhata Bay, malovu adzadza m'kamwa iye asanaganize kanthu, ndipo pamenepo palibe tchimo. Koma akatambasula dzanja naba nsombazo, palibe mfumu imene idzamasula mlandu pakumva kuti idalakwa ndi mphuno. Tonse tidziwa kuti pakati pa malovu ndi dzanja pali kamphindi kamene munthu aweruza yekha. Gulugufe alibe kamphindi kameneka. Munthu ali nako, ndipo ndi komwe kamsandutsa woyenera kutamandidwa kapena kudzudzulidwa.

Nchifukwa chake Eklezia aphunzitsa, m'lamulo 1057 la Malamulo a Mpingo a 1983, kuti chimene chimanga ukwati ndi kuvomerezana kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo kuvomerako ndi ntchito ya kufuna kwa munthu. Wansembe pa guwa safunsa ngati mtima ugunda. Afunsa ngati mwabwera mwaufulu ndipo mulonjeza. Makolo athu adadziwa chomwechi. Atumbuka ndi Angoni atuma thenga nakambirana za malobolo, Achewa aika ankhoswe, kuti mabanja aone khalidwe la mnyamata ndi la mtsikana pamene eni akewo maso ali ophimbika. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati maso anamizika chotero, mphuno nayo inamizika. Kumbukirani Izaki m'buku la Genesis, mutu 27: adanunkhiza zovala za Esau, nadalitsa Yakobe amene adazivala.

Komabe tisagwere ku mbali ina ndi kunyoza thupi. Ngati fungo la mai litsogolera khanda ku bere, imeneyo ndi mphatso ya Mlengi. Ngati mkazi wamasiye asunga malaya a mwamuna wake osawachapa, musamseke. Chikondi cha zaka zambiri chidalowa ndi m'mphuno momwe. Mtsikana akanena kuti mnyamata amene makolo amfunira sangathe kukhala naye pafupi, makolo amvere, pakuti ukwati wokakamiza si ukwati. Kukokedwa kwa thupi kuli ngati moto wa pa mafuwa: kufunika pophika, koma si ndiko kusankha chophika.

Pali chinanso chotikhudza tonse, okwatira ndi osakwatira. Ngati mphuno itikokera kwa ena mobisika, itithamangitsanso kwa ena mobisika. Kangati tisendera pa benchi la m'tchalitchi akakhala pafupi nafe wopalasa njinga ya Sacramento amene wakwera zitunda za ku Masasa m'mawa wonse, kapena mai wogulitsa nsomba, kapena nkhalamba yodwala? Pambuyo pake tinena kuti munthuyo sitimkonda, nkumfunira zifukwa za khalidwe, chonsecho woweruza adali mphuno. Mtumwi Yakobe, m'mutu 2 wa kalata yake, adadzudzula akhristu opatsa mpando wabwino wovala zokongola ndi kukankhira wosauka kumbuyo. Thukuta la ntchito si chamanyazi, ndipo sopo ali ndi mtengo umene ena saukwanitsa. Wodziwa kuti mphuno yake ikondera ali ndi udindo woposa wosadziwa, chifukwa angathe kudzigwira.

Inu akatekisti, mnyamata akakuuzani kuti thupi ndilo lidasankha, musamkalipire ndipo musakane zimene akatswiri apeza. Muvomereni kuti thupi lilankhuladi, kawirikawiri monong'ona. Kenaka mfunseni amene adayankha, amene adayenda mtunda wonse kukafika pa khomo la mkazi wa mwini, amene adanamiza ana ake za kumene adagona. Inu okwatirana, dzisamalireni matupi mwaukhondo chifukwa cha ulemu wa mnzanu, koma musaike chikhulupiriro m'kabotolo. Idzafika nthawi ya matenda ndi ya ukalamba, pamene m'chipinda mudzanunkha mankhwala a kuchipatala. Amene adzakhala pambali pa mphasa tsiku limenelo, natembenuza wodwala ndi kumchapira zofunda, ndi yekhayo amene adalonjeza nasunga mau ake.