KODI KUDZILETSA NAKO KUMAPITA PA HOLIDE?

Mu July 1955, ku Anaheim m'dziko la America, Walt Disney anatsegula malo ochedwa Disneyland. Anawamanga ngati mzinda wathunthu wokhala ndi nchito imodzi: kuti munthu akangolowa pacipata aiwale zonse za kunja. Mu 1971 kampani yake inatsegulanso malo ena aakulu koposa kufupi ndi Orlando, ku Florida. Ku Johannesburg kuli Gold Reef City, yomangidwa pamalo a mgodi wakale wa golide. Ambiri a ife sitinafike kumeneko, koma tidziwa bwino Show ya ku Lusaka imene imatha pa holide ya Farmers' Day, Lolemba loyamba la August, ndiponso Trade Fair ya ku Ndola. Kumeneko nako kuli zokwera zozungulira, nyimbo zaphokoso, khamu la anthu ndi fungo la nyama yoocha.

Pa malo onsewa pamamveka mau amodzimodzi: "Lero ndi holide, tiyeni tidye!" Munthu amene kunyumba amadya mwadongosolo, akafika kumeneko amagula ici, namaliza, nagulanso cija, kufikira ndalama zatha ndipo m'mimba mwavuta. Funso lathu ndi ili, abale ndi alongo: kodi tsiku la cisangalalo limam'masula Mkristu ku lamulo la kudziletsa? Kodi khalidwe labwino liri ngati yunifomu ya kusukulu, imene timavula sukulu ikatsekedwa?

Msampha wochera bwino

Tiyambe taona cifukwa cake kudziletsa kumavuta pa malo otere. Munthu amayenda tsiku lonse, amaima pamizera padzuwa, amatopa ndipo amamva ludzu. Ogulitsa amaika zakudya pamene anthu amadutsa ndi pamene amayembekezera. Fungo limafika pamphuno munthu asanaganize n'komwe za njala. Ndipo popeza walipira kale pacipata, safuna kutuluka kukafuna cakudya cochipa kunja, conco amagula pamtengo uliwonse.

Zakudyazo zimaitanana. Machipisi ndi soseji zili ndi mcere wambiri, mcere umadzetsa ludzu, ludzu limatuma munthu kukagula cakumwa cotsekemera. Cakumwaco sicikhutitsa monga nsima kapena mbatata, motero posakhalitsa munthu afunanso cina cotafuna. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, World Health Organization, linalangiza mu 2015 kuti shuga woonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu ndiwo magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12. Zakumwa zambiri zotsekemera zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa 100 ml. Ndiye kuti botolo limodzi la theka la lita lamaliza kale muyeso wa tsiku lonse. Amene wamwa mabotolo awiri, naonjezapo ayisikilimu ndi shuga wopota uja wooneka ngati thonje, wapitirira kutali. Makolo athu anaziona kale zimenezi pamene anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

"Koma ndi tsiku limodzi cabe"

Wina adzati: "Kodi tsiku limodzi lingaphe munthu? Kodi Mulungu amadana ndi cimwemwe?" Ameneyu tiyenera kumumvera, pakuti m'mau ace muli zoona. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amabwera cifukwa ca zinthu zambiri, ndipo pa nkhani ya zakudya cimene cimalemera ndi cizolowezi ca zaka, osati ca Loweruka limodzi. Komanso Baibulo lili ndi maphwando ambiri. Cizindikilo coyamba ca Yesu cinacitika pa ukwati ku Kana. M'buku la Nehemiya caputala 8, anthu atamva cilamulo cikuwerengedwa anayamba kulira, ndipo Nehemiya anawauza kuti aleke kulira, akadye zonona ndi kumwa zotsekemera, popeza tsikulo linali lopatulika. Conco kudya cokoma pa tsiku la cikondwerero si cimo. Aliyense wophunzitsa kuti Mkristu woona ayenera kuyenda mu Show ali ndwii, osalawa kanthu, akuonjezera pa zimene Mulungu analamula.

Tikavomera zimenezi, funso limasuntha. Tsopano tifunse kuti: pa tsikulo, wolamulira ndani? Ndi munthu kodi, kapena ndi fungo, khamu ndi maso? Anthu awiri angagule mbale yofanana ya machipisi ndi nkhuku. Woyamba anasankha kale kuti lero adya zimenezi, wakhala pansi, wathokoza, wadya, wakhuta, wapita kukasewera. Waciwiri wagula cifukwa waona anzace akugula, wadya ali ciimire maso ali pa thebulo lina, ndipo asanameze nthongo yomaliza wayamba kale kuwerenga ndalama zogulira cina. Woyambayo wacita phwando. Waciwiriyo wangokokedwa ngati mbuzi yomangidwa cingwe.

Kususuka kuli ndi nkhope zambiri

Gregory Wamkulu, amene anali bishopu wa Roma kuyambira mu 590 kufikira mu 604, anaphunzitsa kuti kususuka kumafika kwa munthu m'njira zisanu: kudya nthawi isanakwane, kufuna zodula, kufuna zokonzedwa mwapadera, kudya zopitirira muyeso, ndi kudya mwaphuma. Pa njira zisanuzi, imodzi yokha ndiyo ikhudza kuculuka kwa cakudya. Zinazo zikhudza mtima wa wakudyayo. Munthu woonda angakhale wosusuka, ndipo wonenepa angakhale wodziletsa.

Taganizani za Esau. Cimene anagulitsira ukulu wace cinali mphodza wamba, cakudya ca tsiku ndi tsiku. Colakwa cinali pakuti anafika wotopa ndi wanjala, naona mphika, nalola njala ya ola limodzi kuti igamule za moyo wace wonse. Kutopa, njala ndi cakudya cili pafupi: izi ndizo zomwe zimam'peza wacinyamata masana ku Show. Ukulu wogulitsa iye alibe, koma ali ndi ndalama ya minibasi yobwerera kunyumba, ndipo ambiri anayendapo wapansi usiku cifukwa ca soseji.

Taganizaninso za Danieli ndi anzace atatu. Anali acinyamata, kutali ndi makolo, m'nyumba ya mfumu ya ku Babulo, ndipo patsogolo pao panali zakudya zabwino koposa zonse za m'dzikolo. Anapempha kuti ayesedwe masiku 10 ndi zakudya zakumunda ndi madzi. Cifukwa cao cinali ca cikhulupiriro, kuti asadzidetse, osati kuopa kunenepa. Koma phunziro lace litikhudza: Danieli anali munthu yemweyo ku Yerusalemu ndi ku Babulo. Sanaganize kuti popeza malo asintha, iyenso asinthe. Ngati kudziletsa kwathu kumagwira nchito pokhapo pamene amai akuyang'ana mphika ndipo m'thumba mulibe kanthu, ndiye kuti sitinayambe kudziletsa. Tangosowa mpata. Holide ndiyo imaonetsa cimene cili m'kati, cifukwa pa tsikulo ndalama ilipo, cakudya cilipo, ndipo wotiletsa palibe.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba kuti nkhondo ya cakudya ndi yovuta mwa njira yaceyace. Zoipa zina munthu angazileke kamodzi n'kumaliza, koma kudya sangaleke, conco ayenera kuphunzira muyeso tsiku ndi tsiku. N'cifukwa cace nkhani yooneka yaing'onoyi ili sukulu. Amene waphunzira kuuza mimba yace kuti "cakwana" adzatha kunena mau omwewo pamene mowa, ndalama kapena cilakolako ca thupi zidzam'yitana. Paulo anaika kudziletsa pa mndandanda wa cipatso ca Mzimu pamodzi ndi cikondi ndi cimwemwe. Zitatuzi zimamera pa mtengo umodzi, ndipo sizilimbana.

Mnzako ali pambali pako

Pali mbali ina imene timaiwala. Gulu la acinyamata a mpingo likapita pa ulendo, matumba sakhala ofanana. Wina atate ace am'patsa ndalama zambiri. Wina anacita maganyu kuti apeze ya pacipata yokha, ndipo masana akamati "ine sindimva njala," akubisa manyazi. Nehemiya uja, polamula phwando, analamulanso kuti atumize gawo kwa amene sanakonze kanthu. Paulo anadzudzula Akorinto cifukwa pa misonkhano yao ena ankakhuta ndi kuledzera pamene ena anali ndi njala. Tsono ngati mwagula mbale yacitatu pamene mlongo wanu wa m'kwaya sanalawe kanthu ciyambire m'mawa, mwalakwira thupi lanu ndipo mwalakwiranso iye.

Mwinanso m'gulumo muli wina amene adokotala anamuuza kuti ali ndi matenda a shuga, pakuti matendawa amagwira ndi acinyamata omwe. Kwa iye nkhani ya tsiku limodzi si yamasewera. Ayenera kudya pa nthawi yace, kunyamula mankhwala ace ndi kusamala zakumwa. Anzace akamam'kakamiza kuti "imwa cabe, usatinyazitse," akuika moyo wace pangozi cifukwa ca nthabwala. Gulu labwino limam'thandiza kusunga lamulo lace popanda kum'seka.

Dzenje la tsidya lina

Pothawa kususuka tingagwere m'dzenje lina. Alipo amene amasandutsa kudziletsa kukhala kunyada: amayang'ana mbale za anzao, kuwerenga zimene adya, ndi kuwalalikira pakati pa cakudya. Paulo, polembera Aroma, analetsa wakudya kupeputsa wosadya, naletsanso wosadya kuweruza wakudya. Aliponso ena, makamaka atsikana koma ndi anyamata omwe, amene amadzimana cakudya cifukwa coopa kuti thupi lao silifanana ndi la anthu a pa zithunzi. Kumeneko ndi kuzunza thupi, ndipo kungadwalitse munthu koopsa. Amene akuona kuti cakudya cam'sandukira mdani auze kholo, mtsogoleri wa mpingo kapena a cipatala. Thupi ndi kacisi wa Mzimu Woyera, ndipo kacisi amaonongeka ndi kum'dzaza zinyalala, amaonongekanso ndi kum'siya osakonza.

Tsono ticite ciani?

Nkhondo iyi imapambanidwa kunyumba musananyamuke. Idyani cakudya ceniceni m'mawa, kaya phala lothira nshawa, mbatata kapena nsima, kuti musafike pacipata muli ngati Esau. Nyamulani botolo la madzi abwino, nthoci, malalanje kapena nshawa zokazinga, mutafunsa ngati malowo amalola kulowa ndi cakudya. Ndalama yobwerera ikani m'thumba lina ndipo muiiwale kufikira madzulo. Sankhani pasadakhale cokoma cimodzi cimene mukucilakalaka, ndipo nthawi ikakwana cidyeni ndi mtima wonse, osadziimba mlandu. Mbale yaikulu gawanani awiri. Mukamva ludzu yambani ndi madzi. Khalani pansi, pempherani monga mumacitira kunyumba, ndipo idyani pang'onopang'ono, pakuti thupi limatenga kanthawi kuti lizindikire kuti lakhuta. Zokwera zozungulira yambani nazo musanadye.

Kumbukiraninso ukhondo. Mliri wa kolera unavuta mu Lusaka kumapeto kwa 2017 ndi kuciyambi kwa 2018, unabweranso mu 2023 ndi 2024, kufikira National Heroes Stadium inasanduka malo ocizira odwala ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa. Pamene pali khamu, sambani m'manja ndi sopo, gulani cakudya cotentha cimene caphikidwa mukuona, ndipo pewani madzi ndi ayisi zimene simudziwa kumene zacokera.

Yankho la funso lathu ndi lakuti holide imasintha muyeso, koma siicotsa woyesa. Pa tsiku la cikondwerero mungadye cimene simudya masiku onse, ndipo Mulungu akondwera nanu. Koma wosankha akhale inu, coyamba ndi comaliza comwe. Wacinyamata wobwera kunyumba madzulo ali wotopa, wokondwa, m'mimba muli bwino, mnzace anadya naye, ndipo cenji ca amai cili m'manja, ameneyo ndiye wasangalala ndi tsikulo koposa onse.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Pa njira zisanu za kususuka zimene Gregory anachula, ndi iti imene imavuta kwambiri acinyamata a kwanu?

2. Werengani Genesis 25:29-34 ndi Danieli 1:8-16. Kodi Esau ndi Danieli anasiyana pati?

3. Gulu lanu likapita pa ulendo, mungakonze bwanji kuti wosowa ndalama adye popanda kucita manyazi?

4. Mungam'thandize bwanji mnzanu wodya mopitirira muyeso, kapena wodzimana cakudya, popanda kum'weruza?