Wojambula ukwati wa eni ake: akuwalemekeza kapena akuwaseka?

Sabata ino ndabwera ndi funso lokhudza aliyense amene ali ndi foni ya kamera m'thumba, komanso ife amene timalemba nkhani za anthu akumudzi. Ukajambula moyo wa munthu wosauka n'kukaonetsa anthu opeza bwino, kodi wamulemekeza kapena wamuseka? Funsoli ndi lakale kuposa Facebook. Tiyambire ku Flanders, dera limene lero lili m'dziko la Belgium, kenaka tibwerere kwathu kuno, ku Chikweo m'boma la Machinga.

Cha m'ma 1567, katswiri wina dzina lake Pieter Bruegel anajambula ndi utoto pathabwa chithunzi cha phwando la ukwati wa alimi. Lero chithunzicho chili mumzinda wa Vienna ku Austria, m'nyumba yosungiramo zaluso ya Kunsthistorisches Museum. Nthawi imeneyo ojambula ambiri ankalimbana ndi nkhani za m'Baibulo, oyera mtima ndi nkhope za anthu olemera. Iye anasankha anthu a khasu.

Phwandolo likuchitikira m'chigafa. Kukhoma apachika mitolo iwiri ya tirigu yopingasa. Amuna awiri anyamula mbale za phala, ndipo thireyi yawo ndi chitseko chimene achita kuzula pakhomo. Woimba chitoliro wina waleka kuimba, maso ali pa chakudya chikudutsacho. Pansi pali kamwana kovala chipewa chachikulu kuposa mutu wake, kakunyambita chala, mbale ili pamiyendo. Mkwatibwi wakhala kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, manja ali pamodzi, sakudya, sakulankhula. Mkwati ndiye sadziwika kuti ndi uti, akatswiri akutsutsanabe mpaka lero. Pakhomo anthu apanikizana, aliyense akufuna kulowa.

Amene anakhalapo pa ukwati wakumudzi saona chachilendo apa. Kamwana konyambita mbale tikukadziwa. Woimba wanjala tikumudziwa. Mkwatibwi wozyolika amene anamulangiza kuti asamaseke pagulu tikumudziwanso. Zaka zoposa 450 zadutsa, nyanja zili pakati, koma ukachiona umati: awa ndi anthu akwathu.

Tsono nali vuto. Alimi amene ali pachithunzipo si amene ankagula zithunzi zotere. Bruegel anali munthu wamutauni, anakhala ku Antwerp ndi ku Brussels, anafikanso ku Rome. Makasitomala ake anali anthu andalama, monga wamalonda wa ku Antwerp, Niclaes Jonghelinck, amene anali ndi zithunzi zake 16. Adriaen Brouwer, amene anabwera pambuyo pake, ankajambula alimi akumwa mowa, akusuta fodya, akumenyana m'mabala, ndipo katswiri wolemera Peter Paul Rubens anasunga zithunzi zake 17. David Teniers wamng'ono, wodziwika ndi magule ndi maphwando akumudzi, anafika pokhala wojambula wa kunyumba ya mfumu Leopold Wilhelm ku Brussels. Ndiye taganizani: bwana wakhuta nyama, wakhala pampando wawofuwofu, akuyang'ana kukhoma kumene mlimi akudya phala. Mumtima mwake muli chiyani? Chikondi? Chifundo? Kapena kaphwete koti "taonani anthu osachangamuka"?

Nkhani ya kufunsirana ndiye inkawasangalatsa kwambiri ogulawo. Ku National Gallery ya ku London kuli chithunzi cha Teniers cha mkulu wokalamba akugwiragwira mtsikana wantchito amene akutsuka ziwiya, kumbuyo mayi wokalamba akulowa pakhomo. Zaka zoposa 100 m'mbuyo mwake, Quentin Massys wa ku Antwerp anajambula nkhalamba ikukumbatira mtsikana, mtsikanayo akumwetulira uku dzanja lake likusolola kachikwama ka ndalama n'kupatsira mnzake kumbuyo. Anthu ankaseka, komanso ankatolapo phunziro: chikondi chogula ndi ndalama chimabera mbali zonse ziwiri.

Tsopano tiyerekeze kuti Bruegel wa lero watsika minibasi pa Ntaja, wakwera kabaza wa njinga yamoto, wafika ku Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta imene timagawana ndi Mozambique. Zojambula sizingamusowe. M'mamawa asodzi akukocheza mabwato, makumba ndi milamba ili pansi, amayi ogula akunenerera mtengo. Matemba ayanikidwa pathandala. Kudambo anthu akumweta mpunga. Pamsika wina akukonza tayala la njinga, wina akutchajitsa foni pa sola. Madzulo mnyamata wavala malaya ochapa bwino, waima pansi pa mtengo wa mango m'njira yakumjigo, akunamizira kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaduke. Mtsikana akubwera ndi chidebe pamutu, wamuona kalekale, koma akuyenda ngati sanamuone. Anzake awiri atsalira m'mbuyo dala, akudziletsa kuseka.

Zikayenda bwino, nkhaniyo sithera pamjigo. Imafika kwa amalume, ankhoswe a mbali zonse amakumana, ndipo poti kuderali Ayao ndi Alhomwe ambiri amatsata chikamwini, mnyamata uja adzamanga nyumba kwawo kwa mkazi, apongozi akumuyang'ana mmene akugwirira khasu. Kenaka ndowa pamaso pa shehe, kapena ukwati wakutchalitchi, miphika ya mpunga, thobwa m'zidebe, perekaniperekani, fumbi kuti kobo. Zonsezi ndi chuma cha wojambula. Koma pali chithunzi chinanso chimene aliyense wa ku Machinga, Mangochi ndi Balaka akuchidziwa: bambo wobwera ku Joni ndi foni yatsopano, kapena mkulu wa geni ya nsomba, akuyang'ana mwana wa sitandade 7. Massys akanachizindikira msanga chithunzi chimenechi. Kusiyana kwake n'koti kuno kawirikawiri amene amaberedwa ndi mtsikanayo, ndipo chimene amaberedwa ndi sukulu yake. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati malire, koma lamulo lili m'buku, njala ili m'nyumba.

Nanga ife timajambula ziti? Mukayang'anitsitsa, zithunzi za moyo wakumudzi zimene zimayenda kwambiri masiku ano ndi za mitundu itatu. Woyamba ndi wa chisoni: mwana wa mamina, mayi wa nsanza, nyumba yogumuka ndi madzi, zonse zojambulidwa kuti opereka thandizo amve chifundo. Wachiwiri ndi wa chitonzo: kavidiyo ka ukwati wakumudzi, suti yaikulu kuposa mkwati, keke yopendekeka, akwati atakwera ngolo, ndipo pansi pake anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akugubuduka ndi phwete. Wachitatu ndi wotsekemera: mayi wonyamula nkhuni akumwetulira dzuwa likulowa, wa pa nsalu ndi makadi ogulitsa kwa alendo odzaona dziko, ngati mtolo wa nkhuni sulemera.

Mitundu itatu yonseyi ili ndi nthenda imodzi. Wojambulidwayo sali pamenepo ngati munthu, ali ngati chida. Pa woyamba ndi chida chopemphera ndalama, pa wachiwiri ndi chida chosekera, pa wachitatu ndi chida chokongoletsera khoma. Dzina lake palibe amene walifunsa. Ndipo zithunzi zonsezi zimayenda ulendo umodzi, kuchoka kumudzi kupita kwa opeza bwino, osabwereranso. N'chimodzimodzi ndi zija za ku Antwerp.

Ndiye tinene kuti kujambula wosauka n'kulakwa basi, tisiye? Ayi. Pakanapanda ojambula ngati Bruegel, bwenzi lero tikudziwa nkhope za mafumu a nthawi yake okhaokha, ngati kuti alimi amene ankawadyetsa sanakhaleko. Kusajambulidwa nakonso ndi chipongwe, chifukwa ndi kuuzidwa kuti moyo wako si woyenera kukumbukiridwa. Makolo athu ankadziwa zimenezi. M'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zokhudza chinamwali zimene amayi a Chichewa ankajambula okha. Ku Mua, malo a zaluso a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 asunga miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao m'zosema ndi m'zojambula. Moyo wa tsiku ndi tsiku uyenera kujambulidwa. Nkhani ili pa kajambulidwe kake.

Pali kankhani kena kamene kangatithandize. Karel van Mander, amene mu 1604 anatulutsa buku la mbiri ya ojambula, analemba kuti Bruegel ndi mnzake wamalonda Hans Franckert ankavala ngati alimi n'kupita kumaukwati akumudzi, atanyamula mphatso, n'kumadzitcha abale a mkwati kapena a mkwatibwi. Ena anganene kuti uku kunali kuzembera anthu, ndipo ali ndi mfundo. Koma taonaninso mbali inayo: munthuyo ankalowa m'chigafa, ankakhala pabenchi, ankapereka yake mphatso, ankadya phala lomwelo. Mwina n'chifukwa chake pachithunzi chija palibe nkhope ziwiri zofanana. Aliyense ali ndi zake zimene akuganiza. Ngakhale woimba wanjala uja sukumuseka ngati chitsiru, ukumumvetsa, chifukwa nawenso unakhalapo ndi njala pa phwando la eni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula ali pawindo la galimoto yoyenda sangaone zimenezi.

Choncho muyeso wanga woyamba ndi uwu: kodi chithunzi chako chingabwerere kumene unachitenga? Kodi ungapite nacho ku Chikweo, n'kukhala pamkeka ndi eni ake, n'kuwaonetsa pamodzi ndi mawu amene unalemba pansi pake, osachita manyazi? Ngati kavidiyo ka ukwati kaja sungakaonetse kwa mayi a mkwatibwi, amene anagulitsa matumba a mpunga kuti keke yopendekekayo ipezeke, ndiye kuti unawaba, ngakhale kuti sunawatengere kanthu m'nyumba.

Wina anditsutsa, ndipo ayenera kutero. Anena kuti muyeso umenewu ungatisandutse anthu okometsera zinthu. Nanga bambo wa ku Joni uja, wofuna mwana wasukulu, angakondwe kuona chithunzi chake? Nanga makolo amene alandira ndalama zake? Ngati tizijambula zokhazo zimene eni ake angakondwe nazo, tibwerera ku mayi womwetulira ndi mtolo wa nkhuni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zoona. N'chifukwa chake pakufunika muyeso wachiwiri: manyazi a pachithunzi akugwera ndani, ndipo chifukwa cha chiyani? Pa chithunzi cha Teniers chija, amene akuoneka wopusa ndi nkhalamba yogwiragwira mwana wa eni. Ziwiya zakale ndi khola losasesa sizikunyozedwa. Manyazi agwere munthu chifukwa cha chimene wachita, makamaka wamphamvu amene akupondereza wofooka. Asagwere munthu chifukwa cha chimene alibe. Suti yobwereka si tchimo. Kukwatira mwana wa zaka 14 ndiye tchimo. Koma taonani zimene timachita pa intaneti: suti ija timaigawa kambirimbiri, za mwana uja timati ndi nkhani za m'banja la eni.

Ndipo pojambula choipacho, nkhope ya wolakwiridwa itetezedwe. Mtsikana amene wachotsedwa m'banja n'kubwerera kusukulu adzakula, adzafuna ntchito, adzakhala mayi wa ana. Chithunzi chake chikakhala pa chikwangwani cha msonkhano kapena pa intaneti, chidzamutsata moyo wake wonse. Ife tidzakhala titaiwala, iye ayi.

Zimenezi zikutikhudza ifenso alembi, chifukwa cholembera nachonso ndi kamera. Ndi nkhani zingati zimene timawerenga m'gulu lino momwe munthu wakumudzi amangobwera kudzaseketsa, wolankhula Chichewa chopotoka chifukwa kwawo amalankhula Chiyao, wodabwa ndi magetsi, woopa chikepe? Ndi zingati momwe mtsikana wakumudzi amangokhala wolira, wopanda nthabwala, wopanda nzeru zake, wodikira wa mutauni kuti amupulumutse? Mtsikana wa pamjigo uja, amene anaona mnyamata kalekale koma akuyenda ngati sanamuone, ali ndi nzeru kuposa anthu ambiri a m'nkhani zathu. Akudziwa chimene akufuna, akuyesa munthuyo ngati ali wodekha, akuwerengera zimene amalume ake adzanene. Ameneyo ndi munthu wathunthu, ndipo akuyenera wolemba amene angakhale pansi n'kumumvetsera.

Chinthu chimodzi chasintha kuchokera nthawi ya Bruegel. Alimi a ku Flanders analibe njira yoonera mmene ankaonekera pa makoma a mabwana. Lero ku Chikweo mafoni aliko, mayunitsi akugulidwa, ndipo mkwati wa suti yaikulu uja akhoza kuwerenga yekha zonse zimene talemba pansi pa kavidiyo kake. Mwinanso ali m'gulu lomwe lino. Musanatumize chithunzi kapena nkhani yotsatira, dzifunseni ngati munalowa m'chigafamo ndi mphatso m'manja, kapena munangosuzumira pawindo. Inu mukuti bwanji, abale anga? Mpata ndi wanu.