Mafuta amene sagawidwa

Pa mafanizo onse a Yesu, limene achinyamata a kuno amalimbana nalo kwambiri ndi la anamwali khumi, la pa Mateyu 25. Mkati mwa sabata ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera m'munsi mwa phiri la Soche, Lamulungu ndimakhala ndi achinyamata a kumpingo kwathu, ndipo ambiri ndi ana omwewo. Akamva kuti anamwali asanu ochenjera aja anakana kugawira anzawo mafuta a nyali, nawauza kuti akagule okha pakati pa usiku, chimene amaonapo ndi kumana basi.

Sindiwadzudzula. Anawa akulira ku Chilobwe, ku Manje ndi ku Zingwangwa, kumene mchere ukatha mayi amangotuma mwana kwa aneba. Mu Malichi 2023, matope a namondwe wa Freddy atatsika m'phirimu ndi kukwirira nyumba, anaona anthu akufukula anzawo ndi makasu ndi manja, opulumuka akufunda bulangete limodzi m'makalasi. Mwana woteroyo mungamuuze bwanji kuti mkwati anatsegulira khomo omana?

Funso lomweli limandipeza Lolemba m'mawa. Belu lisanalire, kuseri kwa kalasi kumakhala kagulu katazungulira kope limodzi, zolembera zikuthamanga. Ndikayamba kuchonga homuweki ndimadziwiratu: mwini kope anasiya chizindikiro cha minus pa mzere wachitatu wa quadratic equation, ndipo minus yemweyo wasowa m'makope a gulu lonse, pamalo pomwepo. Mtsikana wina nditamufunsa, sanagwetse nkhope n'komwe. "Sir, mnzangayu wagona kuchipatala ku Queens akudikirira mayi ake. Ndikanamumana bwanji?" Mumtima mwake anachita zaumunthu, ndipo miyambi ili kumbali yake: kupatsa n'kuika, kali kokha n'kanyama.

Komabe ndinamuuza kuti mnzakeyo sanalandire kanthu. Homuweki sindipereka chifukwa chosowa mayankho. Mayankhowo ndili nawo kale. Ndimapereka kuti mwana akakhale yekha ndi funso, alakwitse, afufute, akwiye, agone asanalipeze, m'mawa akutunga madzi n'kuzindikira pamene anasochera. Kuvutikako ndiko kuphunzira kwenikweniko, ndipo palibe angavutike m'malo mwa mnzake. Umo ndi mmene ndimamvera fanizo lija. Anamwali ochenjera sanali ouma mtima: chimene anali nacho sichitheka kuthirira wina. Mpingo umadziwa zimenezi. Makolo amalonjeza pa ubatizo wa khanda, koma mwanayo akakula amalowa kalasi, n'kukayankha yekha pamaso pa akulu ampingo. Kumadrasa nako, mwana amaloweza pamodzi ndi anzake, koma ponena pamtima pamaso pa shehe amanena yekha.

Dziko lonse linaona mapeto a mafuta obwereka mu Novembala 2020. Sukulu zinatsekedwa mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo kwa miyezi yambiri mwana wa Fomu 4 analibe mphunzitsi wina koma iye mwini. Mayeso a MSCE atayamba, mapepala ena anali atayenda kale pa mafoni. Boma linathetsa mayesowo, bungwe la MANEB n'kukonza ena amene analembedwa mu Januwale 2021. Amene anatumizira anzawo likasa pa WhatsApp mwina ankaganizanso kuti akuthandiza. Zotsatira zitatuluka, okhoza sanafike theka la olemba, ndipo amene anawerenga mokhulupirika analipira limodzi ndi akuba.

Koma fanizoli lili ndi malire, ndipo ife aphunzitsi timawalumpha msanga. Anamwali onse khumi akanatha kugula mafuta masana, asanu anangonyozera. Ana anga sali choncho. Wa kusukulu yogonera ali ndi prep madzulo aliwonse: desiki, getsi, bata ndi mphunzitsi woyang'anira. Wa koyendera amakwera phiri wapansi, n'kukapeza mbaula ikudikira, ndowa zili zouma ndi tomato woti akagulitse pamsewu. Nyumba ndi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri. Magetsi akathima, tochi ya foni ndi ya bambo, kandulo ndi ya banja lonse. Ntchito zonsezi zimagwera atsikana koposa. Ndikalemba ziro m'kope la mwana wotereyu ngati kuti ndi waulesi, ndaweruza mlandu umene sindinaumve.

Tisaiwalenso kumene sukulu zambiri zoyendera zinachokera. Ma CDSS anabadwa mu 1998 kuchokera m'malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education, kumene wophunzira ankapatsidwa timabuku kuti akawerenge yekha. Akuluakulu ena amene lero tikuwagwadira m'maofesi a mu Limbe ndi m'tauni anadutsa momwemo, pa koloboyi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, anaphunzira yekha za magetsi a mphepo. Koma naye sanayambire pa mphepo yokha: panali kalaibulale pa sukulu ya pulayimale ya kwawo, ndi munthu womubwereka mabuku.

Apa ndi pamene umunthu uli ndi ntchito yambiri. Kumvetsa sikugawidwa, koma getsi, tebulo ndi nthawi zimagawidwa. Mtsikana uja ndinamupempha kuti tsiku lina asadzapereke kope. Adzakhale ndi mnzakeyo pa nthawi yopuma, amusonyeze chitsanzo chimodzi, chachiwiri amusiyire cholembera. Makolo ndimawapempha ola limodzi lokha madzulo limene mwana satumidwa. Ndipo mipingo ya mu Soche, imene ili ndi maholo a mabenchi ndi mababu otsekedwa kuyambira Lolemba, ndikuyifunsa: tidzapempherera bwanji ana a Fomu 4 sabata ya mayeso, titawasiya chaka chonse akuwerengera mumdima? Kumpingo kwathu nkhani yotsegulira ana holo kuti aziwerengeramo ndinakayitula kwa akulu ampingo. Msungichuma anafunsa za mayunitsi a magetsi, ndipo funso lake ndi loona. A chigwirizano cha amayi anafunsa za woperekeza atsikana pobwerera usiku, ndipo limenelo ndi lalikulu kuposa loyambalo. Tagwirizana kuyamba ndi Loweruka masana, kwaya isanalowe.