Kutsikira m'Yordano

Mwezi uno tilingalire za Namani, kazembe wa ku Aramu, amene mbiri yace iri pa 2 Mafumu 5. Munthuyo anali wakhate, ndipo anadza kwa Elisa ndi akavalo ndi magareta, nayembekeza cozizwa cacikuru. Koma mneneri anangotumiza mau akuti akasambe kasanu ndi kawiri m'Yordano. Namani anapsa mtima, pakuti mankhwalawo anamcepera. Ndipo anyamata ace akadapanda kumdandaulira, akadabwerera kwao ndi khate lace. Njira ya kucira anaimva ali pakhomo, koma khate linacoka atatsikira m'madzi.

Tiri nayo nthenda m'midzi mwathu imene mankhwala ace anyozeka cimodzimodzi, ndiyo kutsegula m'mimba. Cimene cipha mwana pa nthendayi ndico kutha kwa madzi m'thupi. Maso alowa, milomo iuma, liwombo ligwa, ndipo mwana afota ngati nkhwani wothyoledwa usana. Koma Mulungu anapanga matumbo athu mwakuti shuga ndi mcere zikalowa pamodzi pa muyeso woyenera, matumbo azilandira, ndipo madzi azitsatira kulowa m'mwazi, ngakhale nthenda iri cikhalire.

Ici si camphekesera ai, cinayesedwa. Mu 1968 madotolo anaciyesa pa odwala kolera ku Dhaka, naciona coona. Mu 1971 anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh anaunjikana m'misasa ku Bangaon, m'dziko la India, ndipo kolera inabuka, madzi a dripi nasowa. Pamenepo dotolo Dilip Mahalanabis anasungunula mcere ndi shuga ndi soda m'migolo ya madzi, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa. M'misasamo anali kufa anthu ngati 30 mwa odwala 100. Koma mwa omwetsedwawo akufa sanakwane 4 mwa 100.

Tsono taonani, umboni wokha sunalowe m'nyumba za anthu. Mbeu yokhala m'nkhokwe siibala. Cifukwa cace kuyambira 1980 bungwe la BRAC ku Bangladesh linatuma akazi khomo ndi khomo. Iwo anakhala pansi ndi mai aliyense, namuonetsa kasungunulidwe, namuuza kuti asungunule yekha iwo akuona. Pambuyo pace ena anabwera kudzafunsa ngati akumbukira, ndipo malipiro a ophunzitsawo anatsata mayankho a amaiwo. M'zaka ngati khumi anafikira nyumba zoposa mamiliyoni 12. Ndipo mu 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF anaonjezapo kuti mwana apatsidwenso zinki masiku 10 kufikira 14, popeza mayeso anaonetsa kuti afupikitsa nthenda, nacepetsa kubwereranso kwace.

Nanga ife? Mtumwi Yakobo aticenjeza za munthu wongomva osacita. Kodi sitifanana ndi Namani, pamene tifika kucipatala, tipatsidwa paketi ya Thanzi, ndi kubwerera cinyinyinthire kuti atimana jakisoni? Kapena pamene liwombo lagwa, ife tithamangira kumatapo mankhwala, osadziwa kuti mwanayo afuna madzi?

Amai inu, sungunulani paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, osaonjeza kapena kucepetsa. Mwetsani pang'ono pang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani kanthawi ndi kuyambanso. Musaleke kuyamwitsa ndi kudyetsa. Madzi otsala akatha tsiku lathunthu, atayeni. Zinki mutsirize masiku ace onse, ngakhale mwana wayamba kusewera. Koma mukaona mwazi m'cimbudzi, kapena mwana alephera kumwa, kapena asanza zonse, kapena afooka kosadzuka, musagone naye: pitani kucipatala msanga. Ndipo abambo inu, musanene kuti nza akazi, tengani njinga.

Inu anamwino ndi alangizi a zaumoyo a mu mpingo wathu, nchito yanu iri ngati ya anyamata a Namani. Musapereke mankhwala osayenera cifukwa ca kuopa nkhope ya wodandaula, kapena cifukwa munazolowera kutero kale. Cimene cayesedwa ndi kupezeka coona, citani comweco kwa wodwala aliyense, ngakhale mzere utalike ndi dzuwa lipendeke. Musangotambasula dzanja kupereka paketi. Fotokozani, onetsani, ndipo funsani ngati mai wamva.

Akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano, poceza odwala pempherani, pakuti wociritsa ndiye Mulungu. Koma funsaninso ngati mwana wamwa. Iye amene anaciritsa Namani ndi madzi a mtsinje sanyoza mcere ndi shuga, pakuti ndiye anazilenga. Atipatse mitima yodzicepetsa yakucita cimene tacidziwa, kuti ana athu akule namtamande. Amen.