Mapazi Opunduka pa Gome la Mfumu

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: 1 Akorinto 12:22.

Ganizo Lalikulu: Mbale amene timangomtumikira, koma osamlola iye kutumikira, sitinamlandire mokwanira.

Patsinde pa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, m'mudzi wina kufupi ndi Migowi, ndinali ndi mnzanga amene tinakulira limodzi. Poliyo inamgwira ali wamng'ono ndipo miyendo yake yonse iwiri inafota. Ankayenda chokwawa, atavala patapata m'manja ndi zidutswa za tayala m'maondo, ndipo ankadya thukuta lake posoka nsapato pamsika. Tsopano anagona, akudikira lipenga lomaliza. Dzina lake sinditchula, pakuti abale ake akadalipo, koma m'phunziro lino tidzamuika pambali pa munthu wina wa m'Malemba amene mapazi ake anali monga akewo.

SANDE: Davide Afunafuna

Werengani 2 Samueli 4:4 ndi chaputala 9 chonse. Kodi Mefiboseti anapunduka bwanji, ndipo anali kuti pamene mfumu inamkumbukira?

Mwana wa Jonatani anali wa zaka zisanu pamene mlezi wake anamgwetsa pothawa, atamva za imfa ya Sauli. Anakulira ku Lodebara, m'nyumba ya mwini. Sanapite yekha kukagogoda kwa mfumu. Davide ndiye anafunsa, natuma anthu kukamtenga. Onani kuti Ziba, pouza mfumu za iye, sanatchule dzina, anangonena za kupunduka kwake. Davide atamuona, mawu ake oyamba anali dzina lake.

Werenganinso mavesi 7, 10, 11 ndi 13. Kanayi konse wolemba abwereza kuti Mefiboseti adzadya pa gome la mfumu, ndipo atseka chaputalacho potikumbutsa kuti mapazi aja anali chipundukire. Sanachiritsidwe kaye kuti ayenere malowo. Ambiri a ife timakonda nkhani zimene wopuwala anyamula mphasa yake napita. Iyi si yotero, ndipo mwina n'chifukwa chake siilalikidwa kawirikawiri.

Koma gomelo silinathetse mavuto ake onse. Pa 2 Samueli 16:1-4 ndi 19:24-30 tiona kuti Davide pothawa Abisalomu, Mefiboseti anatsala mu Yerusalemu. Iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti anafuna kukwera bulu kuti atsate mfumu, koma mnyamata wake anamnyenga. Ziba ndiye anafika kwa Davide, nalankhula m'malo mwake, ndipo Davide anagamula mlandu asanamve mwini nkhani. Kodi m'makomiti athu ndi kangati pamene timapangana zokhudza abale olumala iwo eni palibe?

LOLEMBA: Beseni ndi Thaulo

Pa 10 Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, nakokolola midzi ndi anthu mazanamazana. Mnzangayo anapulumuka chifukwa m'bale wina anamubereka kumsana kufikira pamtunda. Zitatha izi mpingo wathu unamchitira zambiri. Tinammangira nyumba, tinampatsa chimanga, amayi a Dorika anamsokera zovala. Popereka sitinali aumbombo, ndipo tinkadziona ngati tachita zonse.

Werengani Yohane 13:1-17. Kodi lamulo la pa vesi 14 lapatsidwa kwa yani?

Pakutha pa kota iliyonse, tisanadye Mgonero wa Ambuye, abambo tinkatuluka mbali imodzi ndi amayi mbali ina kukasambitsana mapazi. Aliyense ankayang'ana mnzake wogwirana naye. Mnzangayo ankatsala pamkeka wake pafupi ndi khomo, akuyimba nafe nyimbo. Panalibe amene anamletsa; panalibenso amene anamuitana. Ine, amene ndinkadya naye mbale imodzi, ndinkamdutsa ndi thaulo paphewa, ndikudziuza kuti ndikumpewetsa manyazi. Lero ndidziwa kuti manyaziwo anali anga.

Sabata lina mkulu wa mpingo, nkhalamba ya imvi, ananyamula beseni napita pamkekapo. Anagwada, nasambitsa timapazi topindika tija, napukuta. Pamene ankati adzuke, mnzangayo anamgwira mwendo wa buluku.

"Akulu, khalani pabenchipa," anatero. "Mwachita mbali yanu, yanga yatsala. Inu kuti mufike pansi mumachita kubuula. Ine pansi pano ndi kwathu."

Ena anaseka, ena anawerama. Nkhalambayo inavula nsapato zake, zimene mnzangayo anazisoka yekha, ndipo iye anaisambitsa mosafulumira, chala ndi chala, napemphera pemphero lalifupi. Anatiuza pambuyo pake kuti kwa zaka zonsezo chimene chinkamuwawa sichinali kusasambitsidwa ayi, koma kuti manja ake, amene anali amphamvu kuposa a tonsefe, analibe ntchito m'nyumba ya Mulungu.

Chaka chotsatira tinamsankha kukhala mlembi wa Sukulu ya Sabata. Pokhala pakhomo paja nthawi yonseyi, ankadziwa amene walowa ndi amene wasowa kuposa dikoni aliyense. Munthu akajomba Masabata awiri, ankalandira uthenga wake pamsika pobweretsa nsapato.

Petro anakana kusambitsidwa ndi Mbuye wake (vesi 8). Kodi n'chifukwa chiyani kulandira utumiki kwa munthu amene timamuyesa wosowa kumativuta kuposa kumpatsa?

LACHIWIRI: Ziwalo Zofunika

Werengani 1 Akorinto 12:14-26 ndi Levitiko 19:14.

Paulo sanena kuti ziwalo zooneka zofooka tizipirire. Anena kuti thupi silingathe kukhala popanda izo. Adventisti sayenera kudabwa ndi mawu amenewa. Ellen White ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anagendedwa mwala kumaso ku Portland, Maine, ndipo kuvulalako kunamlepheretsa kupitiriza sukulu. Dzanja lake linkanjenjemera pogwira cholembera. Komatu mabuku amene timawerenga m'makalasi athu analembedwa ndi dzanja lomwelo.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali wina. Tsono ngati mpingo wanu uli ndi anthu zana limodzi ndipo simuonamo wakhungu, wosamva kapena woyendera ndodo, musafulumire kunena kuti m'dera lanu mulibe. Ali ku Lodebara kwawo. Ena analeka kubwera chifukwa cha masitepe a pakhomo, ena chifukwa cha chimbudzi chimene sangathe kulowamo, ena chifukwa ulaliki wonse umawadutsa popanda womasulira ndi manja. Mwana wachialubino amene timamkhazika padzuwa pa msonkhano wa misasa tamuikira chokhumudwitsa chimene Mose analetsa, ngakhale sitinafune kutero. Ndipo pamene namondwe wa Freddy anakantha Phalombe ndi Mulanje mu Malichi 2023, funso la mu 1991 lija linabweranso: adzabereka ndani amene sangathe kuthamanga?

Mu 2022 msonkhano wa General Conference ku St. Louis unaika utumiki wa Adventist Possibility Ministries m'buku la kayendetsedwe ka mpingo, kuti mpingo uliwonse usankhe mtsogoleri wake. N'zabwino. Koma udindo wolembedwa papepala sunyamula beseni, ndipo ndi bwino kuti pa mpando umenewo pakhale mmodzi wa eni akewo.

Kachisi wathu anali ndi masitepe atatu. Mnzangayo anawakwera ndi manja, mvula ndi dzuwa, kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ankafika m'kati ndi matope m'zigongono. Tinkanena kuti tidzakonza tikapeza simenti. Njira yotsetsereka tinaimanga miyezi ingapo iye ataikidwa m'manda. Inatenga matumba anayi ndi tsiku limodzi la Sande.

Zokambirana m'Kalasi: Tchulani mayina a anthu olumala a m'midzi yozungulira kachisi wanu. Ndani mwa inu adzapite sabata ino kukawafunsa, iwo eni, chimene chikuwaletsa kubwera, ndi ntchito imene angafune kugwira? Pa Mgonero wa kota ino, mudzapereka mapazi anu kwa yani?