Ngalawa Yanu Idzatumikira Yani?

Kodi munthu wachuma akaitanitsa ku Ulaya ngalawa ya matanga yogwirapo kale ntchito, kuti azikasangalala nayo ku Mangochi, wachimwa? Kugula pakokha si tchimo ayi, koma mtima uyenera kufunsidwa. M'chaka cha 1875 makolo athu anasenza pamutu zidutswa za sitima ya Ilala, nalambalala mathithi a Shire, ndipo sitimayo inatumikira anthu ambiri panyanja. Nanga yanuyo idzatumikira yani? Ngati mwakhoma msonkho wonse osabisa mtengo wake, ndipo wantchito wanu wa ku Ndirande mwamulipira moyenera, kwerani ndi mtendere. Koma ngati ana ake agona ndi njala, dziwani kuti tsiku lachiweruzo Mulungu adzakufunsani za anawo.